Chilonda cha Apongozi Anga

Ana anga, za ku Dowa kumene ndinabadwira ndazidumpha dala, pakuti mumazidziwa kale: kuti sukulu ndinalekezera Sitandade 6 nditakankhana ndi mphunzitsi, ndiponso kuti agogo anu ankati mwana uyu Lameki adzathera kundende. Ndiyambira pamene ndinayamba kugwira ntchito. Msana wandikhazika pansi tsopano, ndiye mpata wolemba ndili nawo.

1995, Kande

Ndinafika ku Kande pamwamba pa lole ya chimanga, nthawi imene kumudzi aliyense ankanena kuti kunyanja ntchito zikuchita kusowa anthu chifukwa azungu achuluka. Ndinapezadi ntchito yotsuka mbale pa loji ina. Sindinathepo chaka. Wophika wamkulu ankakonda kunditchula Mchewa wodya mbewa pamaso pa atsikana, ndipo tsiku lina ndinamugenda ndi chiwaya. Chinamuphonya koma chinaswa zenera, ntchito n'kuthera pomwepo. Chimene ndinapindula pa lojipo ndi amayi anu, Eliza NyaMhone, amene ankabwera kukhomo la kukhitchini kudzagulitsa nthochi. Atamva za chiwaya anaseka mpaka kutula dengu, nati mwamuna wophonya munthu ali pafupi chotero sangamuope.

Amayi ake a Eliza anamwalira iye ali wamng'ono, ndiye anamulera ndi akulu awo a malemuwo, a NyaLongwe. Amenewa ndiwo anakhala apongozi anga. Anali mayi wamtali, wathupi, wosenza mtolo wa chinangwa umene amuna awiri akanakangana pounyamula. Ukwati wathu sanaukondwere. Ankati Mchewa wa mtima wapachala adzawaphera mwana. Koma zimenezi sanandiuzepo ine, chifukwa ine ndi iwo sitinkalankhulana. Inu ana a masiku ano mumakhala pampando umodzi ndi apongozi anu n'kumaonera limodzi mpira, ndiye mwina simumvetsa. Ife tikakumana panjira, iwo ankapatukira m'munda wa chinangwa n'kutembenuka, inenso n'kupatukira mbali inayo, aliyense kuyang'ana kwake mpaka wina atadutsa. Akakhala ndi mawu, ankalankhula ndi Eliza, ndipo Eliza akachokapo ankangouza khoma kapena nkhuku: "Wina auze mkosanu kuti denga likudontha." Mkosanu ndiye mkamwini pa Chitonga. Ine ndikamva ndinkangotenga makwerero. Sikunali kudana ayi. Unali ulemu, ndipo ulemu umenewu ndinkautsata ndi mtima wonse, popeza kwathunso ku Dowa ulipo.

1997, kunyumba ya okalamba

Pakati pa Chintheche ndi Kande, kumtunda kwa msewu, kunali nyumba yosungirako okalamba. Dzina la bungwe lake sindilemba, linatsekedwa kalekale. Kunali zipinda ziwiri zazitali, cha abambo ndi cha amayi, khitchini pakati. Ambiri mwa abambowo anali matchona, anthu amene anathera moyo wawo ku Joni ndi ku Bulawayo, pobwera n'kupeza manda okhaokha pamudzi. Amayi ambiri anali oti ana awo onse anapita ndi matenda aja a nthawi imeneyo, ena mpaka kuthamangitsidwa pamudzi kuti ndi mfiti zimene zamaliza anawo.

Ine anandilemba ntchito yotchetcha udzu ndi kuwaza nkhuni. Woyang'anira odwala anali Sisita NyaKamanga, namwino wopuma pa ntchito ya boma, wamfupi, wa mawu aamuna. Atandiona ndikusenza chipika, anandiitana n'kunena kuti mphamvu zimenezo ndikuzitayira pa mitengo pamene m'nyumbamo muli anthu osowa wowatembenuza. Umu ndi mmene ndinalowera m'chipinda cha abambo, ndipo ntchito yosamala odwala sindinaisiyenso mpaka ndapuma.

Munthu woyamba amene ndinamugwira anali Ada Mwase (ada ndiye bambo pa Chitonga), mtchona wa ku Bulawayo, amene anali ndi chilonda pa chidendene chifukwa chogonera mbali imodzi. Ndikutsegula nsanza imene anakulungapo, ndinathawira panja. Sisita anandidikira, ndipo nditabwerera sanandinyoze. Anangoti fungo limenelo ndiye chilankhulo cha chilonda, ndiphunzire kulimva. Anandiphunzitsa kuwiritsa madzi n'kuthiramo mchere pang'ono, kutsuka kuyambira m'kati kupita kunja, kuika papaya losapsa kwenikweni pamene mnofu wafa kuti ufewe n'kuchoka wokha, kenako kudzazamo shuga n'kumanga ndi nsalu yowiritsa. Koposa zonse ankati munthu wogona asakhalitse mbali imodzi, chifukwa fupa limaboola khungu kuchokera m'kati. Jivi, mankhwala ofiirira aja opaka, ankalola pa zilonda zapamwamba zokha. Pa chilonda chakuya ankati jivi amaumitsa pamwamba n'kutsekera zoola pansi, ndipo ukayang'ana umangoona utoto.

Mtima wanga anaudziwa msanga. Ada Mwase anali wachipongwe, ankanditukwana m'Chindebele n'kumanditaira phala dala. Sisita akaona kuti mitsempha ya m'khosi yaima, ankandituma kukasamba m'manja, ndikabwera n'kunena kuti sindinayere, ndipitenso. Ndinkasamba mpaka mtima utatsika. Chidendene cha Ada Mwase chitatseka, mkuluyo anayamba kuuza aliyense kuti wachiritsidwa ndi dokotala wa ku Dowa, ndipo Sisita anandipatsa chikhothi choyera chakale, manja ake olekezera m'zigongono. Lamulo la panyumbapo linali losachita kulemba: amuna agwira amuna, akazi agwira akazi. Palibe amene ankaona vuto pamenepo, ngakhale ine.

2000, nthawi ya Bambo Zimba

Maso a Sisita atayamba kuchita khungu, mwana wawo anadzawatenga kupita nawo ku Mzuzu. Namwino wina sanabwere. M'malo mwake bungwe linatumiza Bambo Zimba kuchokera ku Lilongwe kudzayendetsa zonse. Ndisawanamizire, sanali munthu wankhanza, ndipo sindinawaonepo akutenga kanthu ka okalamba kupita nako kwawo. Koma wodwala anali asanamugwirepo chibadwire, ndipo ntchito imene anawatuma inali yosangalatsa anthu akunja amene ankatithandiza, kuti asatope nafe.

Zinthu zinayamba kutha chimodzichimodzi. Thonje linatha, mabandeji anatha, magolovesi tinayamba kuchapa mpaka anang'ambika, kenako tinkangovala majumbo a shuga m'manja. Zimene sizinkatha zinali ziwiri. Choyamba jivi, amene anabwera m'zigubu. Chachiwiri nsalu zoyera zoyala pabedi, zatsopano, zimene Bambo Zimba ankatsekera m'kabati n'kumazitulutsa tsiku lobwera alendo lokha. Alendo akangokwera galimoto, tinkazichotsa n'kuzipinda, okalamba n'kubwerera pa pulasitiki wa matiresi, amene m'chilimwe cha kunyanja amatentha n'kusunga thukuta ndi mkodzo pansi pa munthu.

Kuchipinda cha amayi kunali akazi awiri ogwira ntchito. Wamkuluyo, amene anaphunzira kwa Sisita, anapita kukachapa zovala ku loji. Anatsala Jessie NyaChirwa yekha, mtsikana wamasiye wa ana awiri, amene anamulemba kuti aziphika. Tsopano yemweyo aphike, achape, asambitse chipinda chodzaza amayi. Za zilonda palibe anamuphunzitsapo. Mmawa uliwonse ankayenda bedi ndi bedi, botolo la jivi kumanja, nthenga ya nkhuku kumanzere, n'kumapaka paliponse pamene khungu lasupuka. Amayiwo anafiirira m'zigongono, m'zidendene, m'chiuno. Bambo Zimba ankakondwa nazo, ankati pa chithunzi zimaoneka kuti anthu akulandira mankhwala. Ine ndinkamufotokozera Jessie pakhitchini zimene Sisita ankanena, iye n'kuvomera, koma madzi owiritsa amafuna nthawi, ndipo nthawi ndi imene analibe. Mayi wina, NyaSaka, anamwalira chaka chimenecho. Pambuyo pake ndi pamene ndinamva kuti kumsana kwake kunali dzenje lolowa chibakera.

2002, dzinja

A NyaLongwe anagwa m'munda wa chinangwa mvula itangoyamba, ndipo podzuka anali atafa ziwalo mbali ya kumanzere. Kulankhula ankalankhula, koma mokoka. Nthawi imeneyo amayi anu anali ndi pakati pako iwe Tiwonge, miyendo itatupa, ndipo achipatala anawalamula kuti akakhale kuchidikiro ku Nkhata Bay nthawi isanakwane. Mwana wamwamuna wa a NyaLongwe, alamu anga a Wyson, anali ku Joni. Pamudzi panatsala nkhalamba zinzawo ndi tiana. Ine ndi amene ndinapempha malo kwa Bambo Zimba, poganiza kuti akakhala pafupi ndi pamene ndikugwira ntchito ndizimva za iwo tsiku lililonse.

Ndinkamvadi, koma kudzera mwa Jessie. Podutsa pa chipinda cha amayi ndinkayang'ana kumbali monga mwa ulemu, ndikamufunsa iye n'kuti ali bwino, wawapaka. Mpaka mmawa wina anandipeza pa nkhuni, maso ali ofiira. Anati amayi aja thupi latentha, phala akukana, ndipo pansi pa msana, pamene fupa limakhudza bedi, nkhanambo ya jivi yada n'kulowa m'kati. Ataisindikiza ndi chala, m'mbali mwake munatuluka mafinya. Sindinafunikire kumva zambiri. Mphepo itatembenuka, fungo lija ndinalimva ndili pomwepo.

Ndinapita kwa Bambo Zimba kukapempha kuti tiwatengere amayiwo kuchipatala. Anati galimoto ilibe matayala, ndiponso alendo akubwera sabata yomweyo, tidikire apite kaye ndipo adzaona chochita. Ndinapempha nsalu ziwiri zokha za m'kabati kuti ndidule mabandeji. Anati nsaluzo alendo amazidziwa, akapeza zaperewera adzafunsa. Sindikumbuka bwino mmene ndinazungulirira tebulo, koma ndinapezeka nditawagwira pa kolala, iwo ataima ndi zala zakuphazi. Ndinawasiya, n'kutuluka, n'kukatenga nkhwangwa yanga ya nkhuni. Jessie ataiona anakuwa poganiza kuti ndikukapha munthu. Ndinakamenya loko wa kabati, n'kutenga nsalu zonse kukaziponya mumphika waukulu kuti ziwire.

Masana ndinapalasa njinga kukaonana ndi mkulu wa pachipatala chaching'ono chapafupi. Anali yekha, pakhonde patadzaza odwala m'mimba, monga zimakhalira dzinja. Anandipatsa mapiritsi, n'kundiuza mosabisa kuti kuchipatala chachikulu popanda wowadikirira amayiwo akangogona chimodzimodzi. Anati mapiritsi okha sangathandize ngati chilondacho sichitsegulidwa n'kumatsukidwa mpaka pansi tsiku lililonse.

Tinayesa njira imene inaoneka yaulemu. Ndinakonza beseni, madzi amchere, papaya ndi nsalu, n'kumupatsa Jessie. Ine ndinaima kunja kwa chitseko, nkhope kuyang'ana kuthengo, n'kumamuuza chochita. Anayesetsa mwana uja. Koma a NyaLongwe anali olemera, mbali yakufayo inkangobwerera pabedi, ndipo iye sakanatha kuwagwira ndi dzanja limodzi n'kutsuka ndi linalo. Nkhanambo itanyowa n'kutseguka pang'ono, ndinamva beseni likugwa, iye n'kutulukira pakhomo pomwe ndinaima, kukasanza kuseri. Atabwera anati, "Achimwene, ine sindingathe. Pakuoneka choyera m'kati. Lowani ndinu."

Ndinakhala pa chitsa nthawi yaitali. Mkamwini kuona thupi la apongozi ake, osati dzanja kapena phazi, koma malo amenewo, ndi nkhani yoti abale ake a Eliza akanatha kuthetsa nayo ukwati, ndipo palibe akanawatsutsa. Komanso si ukwati wokha. Ndinkadziwa amayi achikulire amene akachititsidwa manyazi otere amangotseka pakamwa, osadyanso, mpaka kupita. Ndikanatha kutsuka chilonda n'kupha munthu. Koma ndikapanda kulowa, za NyaSaka zinali pafupi.

Mmawa mwake ndinakwera minibasi kupita ku Nkhata Bay. Amayi anu ndinawapeza atakhala pa mkeka, miyendo atatambasula, ndipo ndinawauza zonse osachotsera. Analira mwakachetechete, kenako anati iwo sangandiuze kuti lowani, sangandiuzenso kuti musalowe, thupi lili ndi eni ake, ndikafunse eni akewo. Ndinawafunsa kuti munthu amene sindinalankhulepo naye chikwatirireni ndikamufunsa bwanji. Anati ngati denga linkamveka, ichinso chimveka.

Nditabwerera ndinakaima panja pa zenera limene linali pafupi ndi bedi lawo, Jessie ali m'kati. Ndinalankhula mokweza, ngati ndikuuza Jessie. Ndinati auze amayi kuti chilonda chawo chafika pa fupa, kuti chikapanda kutsukidwa chiwatenga dzinja lisanathe, kuti panyumba pano wodziwa kutsuka ndi mmodzi yekha ndipo akumudziwa, ndiponso kuti iwo akakana palibe adzawagwire. Kenako ndinamva mawu awo okoka aja. Analankhula Chitonga, koma ndilemba m'Chichewa.

"Jessie, umuuze mkosanu kuti kuno alibe ntchito. Apite ku Nkhata Bay akasamale mkazi wake."

Ndinali nditayamba kale kuchoka pamene anayambiranso.

"Koma ndimamva kuti uko kwa abambo kuli dokotala wa chikhothi choyera, amene anapoletsa chidendene cha Mwase. Ameneyo ndi mlendo, sindimudziwa. Ameneyo abwere."

Ndinakavala chikhothi chija, n'kumanga mabatani onse mpaka m'khosi, n'kusamba m'manja. Polowa ndinaodira ngati mlendo. Anandiyankha kuti, "Lowani, ada dokotala," ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni ku Kande ndinaona nkhope ya apongozi anga pafupi. Inali itachepa. Jessie anawagwira mapewa, ine n'kuwatembenuza, ndipo tinawafunditsa zitenje ziwiri, china kumtunda china kumunsi, kusiya pa chilonda pokha. Sindikufotokozerani zimene ndinapeza pansi pa jivi uja. Ndinatsuka pang'onopang'ono, madzi n'kumasintha, iwo ataluma nsonga ya chitenje. Sanalire. Nditamanga, tinawagoneka chammbali pa nsalu youma, pulasitiki titachotsa, pilo pakati pa mawondo. Ndikutuluka anandithokoza m'Chitonga, "Yewu, ada." Ndinakafika kuseri kwa khitchini ndi kukhala pansi.

Kuyambira pamenepo dokotala ankabwera mmawa ndi madzulo, ndipo pakati pa tsiku ankadzathandiza Jessie kuwatembenuza. Thupi linazizira patapita masiku angapo, phala anayamba kulandira. Mnofu wakufa utachoka ndi papaya, pansi panayamba kuoneka pofiira, ndipo tinayamba shuga. Ululu utachepa, pakamwa panatseguka. Ndinadabwa kupeza kuti mayi amene ndinkamuopa zaka zonsezi anali wanthabwala. Ankandifunsa ngati ndili pabanja, n'kumandiuza kuti akanakhala ndi mwana wina wamkazi akanandipatsa, chifukwa amene anali naye anatengedwa ndi Mchewa wina wogenda anthu ndi ziwaya. Amayi a m'mabedi ena ankaseka mpaka kutsamwa. Ine ndinkangoti munthu woteroyo ngwofunika kumusamala naye. Tsiku lina, ndikumanga bandeji, anati mkamwini wawoyo denga amafolera bwino, ndipo mwana wawo sanabwerepo kwawo akulira. Anati zimenezi ndisakamuuze, angayambe kudzimva.

Iwe Tiwonge unabadwa pa opareshoni chilondacho chitayamba kuchepa. Nditabwerako kokuona, ndinavala chikhothi n'kukawauza kuti ndamva kuti mkamwini wawo wapatsidwa mwana wamkazi, ndipo mayi ndi mwana ali bwino. Anatseka maso nthawi yaitali, milomo ikuyenda. Kenako anati ndikakumana naye ndimuuze kuti mwanayo ndi Tiwonge. Dzina lako linadzera mwa dokotala.

Alendo aja anabwera n'kupeza mabedi opanda nsalu zoyera, pa chingwe pali mabandeji okhaokha akuuma. Zimene anakambirana ndi Bambo Zimba sindikuzidziwa. Atapita, bwanayo anandiitana n'kundiuza kuti munthu wogwira mkulu wake pa kolala n'kuthyola loko sangakhale pamalopo, ndipo bungwe lagamula kuti ndipite ku Usisya, kumene linali ndi kantchito koyendera okalamba m'makomo. Ndinati ndamva. Ndili pakhomo anandiitananso, osandiyang'ana, nati, "Koma uyambe wamaliza chilondacho." Sabata yotsatira ndinapeza pa shelefu yanga paketi ya shuga ndi sopo, ndipo sindinafunse kumene zachokera.

Amayi enanso anayamba kuitana dokotala. Ndinkapita, koma nthawi zonse ndi Jessie, ine kugwira iye kutsuka, mpaka anazolowera. Nthenga ija anaitaya yekha. Pamene ndinkachoka, Jessie ankatsuka chilonda mofatsa kuposa ine, ndipo anagwira ntchito imeneyo mpaka nyumbayo itatsekedwa.

2003, mlandu

Chilonda chakuya sichithamanga. Cha a NyaLongwe chinatseka chaka chitatembenuka, n'kusiya chipsera cholowa ngati chikhatho cha mwana. Amayi anu atalimba tinawatulutsa, n'kupita nawo kumudzi kwawo, kumene mdzukulu wa mng'ono wawo wina anavomera kuwasamala. Chikhothi chinatsala pa msomali kuntchito, ndipo kumudziko zonse zinabwerera mwakale. Ndikafika pabwalo ankafunditsa nkhope ndi chitenje, ine n'kukhala kuseri kwa nkhokwe.

Tikukonzekera za ku Usisya, a Wyson anafika kuchokera ku Joni. Nkhani anaimvera kumowa, ndipo amene anawauza anaikometsera. Anabwera kwathu ndi jekete lachikopa, osakhala pansi, n'kunena kuti Mchewa wavula amayi awo, ndipo mlongo wawo ndi mwana akuwatenga. Ndikanakhala wa pa loji uja, tsiku limenelo kukanachitika zina. Ndinaika manja kumbuyo n'kugwira dzanja lina ndi linzake, n'kuwauza kuti aitane akuluakulu a banja.

Tinakhala pabwalo la a NyaLongwe Loweruka masana. Kunabwera amalume ake a Eliza, amayi achikulire angapo, ndi mkulu wa mpingo wa ku Bandawe amene anali wachibale. Amayi anu anakhala pambali, iwe uli kumsana. A Wyson analankhula nthawi yaitali, ndipo sindinganene kuti zonse zinali zopanda pake. Anati iwo anali kutali kukafuna zoti amayi awo adye, ndipo kumva kuti amayi awo agonekedwa pamaso pa mkamwini kunawapweteka kuposa kumva kuti akudwala. Amalume anandifunsa ngati ndinalowadi m'chipinda cha amayi. Ndisanayankhe, mkulu wa mpingo uja anati popeza eni ake thupi ali moyo ndipo akulankhula, bwanji afunsidwe iwowo.

Anawanyamula a NyaLongwe pampando n'kuwakhazika pakhonde. Anaukhazika mpandowo chammbali, kuti nkhope yawo iyang'ane kumunda, ine ndili kumbuyo kwawo. Amalume anafunsa mwaulemu, mozungulira, ngati mkosanu anawaonapo pamene anali kudwala.

"Mkosanu wanga?" anatero a NyaLongwe. "Ameneyo ndinamuthamangitsa ndekha, Jessie ndi mboni. Anandichiza ndi dokotala wina wa chikhothi choyera, munthu wodekha, wa manja ofewa. Inu mukamuona mkosanu wangayu, ndi mtima wake uja, angakhale pansi n'kumatsuka chilonda cha nkhalamba miyezi yonseyo?"

Mayi wina wachikulire anayamba kuseka n'kudzitseka pakamwa. Amalume anayang'ana pansi, mapewa akugwedezeka. A Wyson anati amayi, anthu onse akudziwa kuti dokotalayo ndi ndani. A NyaLongwe anati ngati akumudziwa apite akamuthokoze, chifukwa pakanapanda iyeyo akanafikira pa manda ndi jekete lawolo. Anatinso iwo ndi amene anali pabedipo, ndipo amene akufuna kutsutsa zimene maso awo anaona ayambe wagonapo pa pulasitiki uja. Mkulu wa mpingo anafunsa ngati pali winanso amene ali ndi mawu. Panalibe. A Wyson anadzuka n'kukagwada pafupi ndi mpando wa amayi awo, ndipo zimene analankhulana sitinazimve.

A NyaLongwe anakhala zaka zina zitatu, ndipo sanalankhulenso nane maso ndi maso mpaka kumwalira kwawo. Tsiku limene tinkanyamuka kupita ku Nkhata Bay kukakwera sitima ya ku Usisya, tinadzera kumudziko kukatsanzika. Amayi anu analowa m'nyumba ndi iwe, ine ndinakhala panja pafupi ndi katundu. Atatuluka, tikunyamula zikwama, ndinamva mawu okoka aja kuchokera m'kati, akuuza khoma.

"Wina auze mkosanu kuti akakakumana ndi dokotala uja ku Usisya, akamuuze kuti masiku ano ndikugona chagada."